Chaka Chimene Manyuchi Anga Anasanduka Mankhwala

Ndinayamba kuphika manyuchi a rozimeri popanda chifukwa chomveka, ndipo kwathu kuno kuchita chinthu popanda chifukwa ndi mlandu. Mnzanga wina wa kuofesi, amene amakhala ku Lupaso, anali ndi chitsamba chimenechi pakhomo pake, chofika m'chiuno, timasamba take tosongoka ngati ta paini. Iye ankachikumbukira kamodzi pachaka, pokazinga nkhuku ya Khirisimasi. Tsiku lina nditapita kukamuona anandithyolera tinthambi tingapo, ine n'kukatibaya kuseri kwa nyumba yathu ku Kaning'ina, pafupi ndi mpopi. Tinthambito tinagwira tonse, ndipo mvula isanathe tinali titasanduka tchire.

Kaphikidwe kake ndinakaona pa foni, ndipo n'kosavuta mochititsa manyazi. Kapu imodzi ya madzi, kapu imodzi ya shuga, uike pamoto mpaka shuga yense asungunuke. Kenako uponyemo tinthambi totsuka bwino, ziwire pang'ono, uphule, uvundikire, upite ukachite zina. Zikazizira usefe pa kansalu koyera n'kuthira m'botolo. Basi. Ndikaweruka kuntchito ndinkathira masipuni awiri m'tambula, kufinyiramo ndimu, n'kudzaza ndi soda wozizira, kapena madzi a mufiriji ngati magetsi atikumbukira tsiku limenelo. Kukazizira, ndipo kuno kumazizira osapempha chilolezo, ndinkathira mu tiyi wopanda mkaka. Amuna anga atalawa koyamba anati zikununkhira sopo wa kuhotela. Sabata isanathe anayamba kutsegula firiji n'kumafunsa ngati m'botolo mwatsala kanthu.

Ine ndine wa ku Zomba. Ndinabwera ku Mzuzu chifukwa cha ntchito, ndikuganiza kuti ndikhala chaka chimodzi n'kupempha kuti andibwezere kumwera. M'malo mwake ndinakwatiwa ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, mphunzitsi wofatsa amene amapepesa ngakhale kwa mpando akaugunda. Nthawi imene ndikukambayi ukwati wathu unali utatha zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo m'nyumba munali zii. Tinali titapita kale kuchipatala. Dokotala anatiyeza tonse awiri, ndipo tsiku lomva zotsatira anavula magalasi n'kuyang'ana bambo, osati ine. Tinabwerera wapansi mpaka kunyumba, akabaza akutiimbira mabelu. Titafika pageti ndinayamba ndine kunena kuti nkhaniyi isamveke kwa munthu aliyense. Ndinkawakonda, ndimawakondabe, ndipo ndinkadziwa kuti mkazi wopanda mwana amanyozedwa koma amapitabe kumsika, pomwe mwamuna amasekedwa mpaka ndi anzake a kutchalitchi. Ndinati ndisenza ine. Ndinkaganiza kuti ndi katundu wa tsiku limodzi.

Kwathu ku Zomba mwamuna ndi amene amabwera kudzamanga kwa mkazi, ndipo akavuta amamuonetsa njira imene anadzera. Kuno n'kwina. Malowolo anaperekedwa, ndipo amene anapereka ali ndi ufulu wofunsa. Ofunsawo anali abale a malemu apongozi anga aamuna, azibambo a kumudzi amene ankationa kamodzi pachaka koma ankadziwa za m'nyumba mwathu kuposa ife. Uthenga unafika kudzera kwa mlamu wanga kuti anthu akamaliza kukolola kudzakhala msonkhano wa banja. Nkhani yake inali imodzi, yoti amuna anga awapezere mkazi wina woti adzandithandize. Anagwiritsadi mawu amenewo, kundithandiza, ngati ndinadandaulapo kuti zochapa zandichulukira. Amuna anga anati akana. Ndinawakhulupirira, koma ndinali nditawaonapo pamaso pa azibambo awo, manja kumbuyo, mutu pansi, akuvomera zinthu zimene sanamve n'komwe.

Msonkhano usanachitike, apongozi anga aakazi anabwera kudzakhala nafe. Anati abwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Maso awo anali abwinobwino, chifukwa ataima pakhomo anaona fumbi pamwamba pa kabati. Tonse tinadziwa kuti atumidwa kudzandiona ine, kuti akafotokoze ngati pali chiyembekezo kapena ayi. Anali mayi wamfupi, wowuma thupi, wosaseka wamba. Chichewa ankachidziwa bwino, poti anakhalapo ku Kasungu amuna awo akugwira ntchito ku esiteti ya fodya, koma kwa ine ankayankhula Chitumbuka chothamanga, kuti ndizivutika. Zaka zonsezo sananditchulepo china koposa "imwe." Ndinkawagwadira powapatsa moni, iwo n'kumayankha akuyang'ana mphika kapena khoma.

Loweruka lina masana magetsi atazima, ndinali kukhitchini ndikuphika manyuchi pa mbaula. Fungo linadzaza nyumba yonse. Nditatembenuka ndinapeza aima pakhomo, chitenje paphewa, akuyang'ana m'sefuliya.

"Ni vichi ivyo?" anafunsa.

"Ndi masamba chabe, amama. Dzina lake rozimeri."

"Amachiza vichi?"

"Sachiza kanthu. Ndi okometsera zakumwa basi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva zimene sizinanenedwe.

"Enya," anatero. "Sachiza kanthu. Mwatenga kwanu kumwera?"

Ndinayamba kufotokoza za mnzanga wa ku Lupaso, koma sanali kumvetsera.

"Mukumwa nonse awiri?"

"Inde, amama, tonse."

Anakoka kampando n'kukhala pansi. Chifikireni anali asanakhalepo m'khitchini mwanga. Ndipo anayankhula m'Chichewa chomveka bwino, chodekha.

"Mwachita bwino, mwana wane. Ine ndimayesa mwangokhala manja lende."

Apa ndinayenera kubwereza kuti si mankhwala, kutenga foni n'kuwaonetsa mzungu amene ndinaonerako akuthira zomwezo m'tambula. Sindinatero. Mawu aja akuti mwana wane ndinali nditawadikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anandikomera kwambiri moti ndinangotenga chivundikiro n'kuvundikira sefuliya.

Kuyambira tsiku limenelo chakumwa changa chinachoka m'manja mwanga. Choyamba kuletsedwa chinali ndimu, chifukwa amasukulutsa mphamvu. Soda anatsatira, ati mankhwala si oseweretsa ngati tili pa phwando la ukwati. Firiji nayo inaletsedwa, ati kuzizira kumagoneka mankhwala tulo. Tinayamba kumwa manyuchi m'madzi ofunda, m'makapu a chitsulo, m'mawa tisanapereke moni kwa munthu wakunja. Malamulo ankabadwa tsiku ndi tsiku. Masamba azithyoledwa dzuwa lisanatenthe, ndi dzanja lamanja. Povundula tisagwiritse sipuni, koma mthiko watsopano umene anakagula okha kumsika. Mlendo asalawe. Chitsamba chija anachitchingira ndi nsungwi kuopa nkhuku za eni ndi maso a anthu, ndipo ankachithirira okha akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Amene anavutika kwambiri anali amuna anga. Tangoganizani bambo wamkulu, taye pakhosi, chikwama cha mabuku m'khwapa, ataima pabalaza kumwa madzi ofunda a shuga, mayi ake akuyang'anitsitsa pakhosi kuti aone ngati akumezadi. Akasiya kadontho pansi pa kapu ankabwezedwa. Tikatuluka pageti kupita kuntchito tinkaseka mpaka kugwirana, iwo akuti pofika Khirisimasi adzakhala atatha mano onse. Koma kusekako kunkatha tikafika pamsewu waukulu, chifukwa tonse tinkadziwa chimene mayiwo akuyembekezera, ndipo tinkadziwanso kuti sichibwera.

Madzulo ena ndinawamva akuimba foni kumudzi. Apongozi anga poyankhula pa foni amakuwa ngati mawu akuyenda wapansi kupita ku Rumphi, choncho ndinamva zonse ndili kukhitchini. Ankauza alamu awo aakulu kuti ana ali pa munkhwala wa kumwera, wamphamvu chomene, ndipo msonkhano uyambe waima. Nditamva zimenezo ndinakondwera kwambiri, ngakhale ndinkadziwa kuti chaimitsa msonkhano ndi shuga wa pa golosale. Chinandithandiza n'chakuti kuno anthu amaopa mankhwala a ku Mulanje, monga momwe ife kwathu timaopera a ku Karonga. Aliyense amakhulupirira kuti sing'anga weniweni amakhala kutali ndi kwawo.

Mwezi umene anati akhala unasanduka miyezi. Za maso sizinatchulidwenso. Ndivomere kuti inali nyengo yabwino kwambiri pa ubale wathu. Ankandidikira pakhonde ndikaweruka, kundilandira chikwama, kundiletsa kunyamula ndowa. Anandiphunzitsa kuphika mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, n'kumandiseka kuti ndimasenda nthochi ngati ndikuopa kuti zindiluma. Ankandifotokozera za ubwana wa amuna anga, mmene ankalirira akaona ng'ombe. Mwezi ukatha ankandiyang'ana m'maso osafunsa kanthu, ine n'kupukusa mutu, iwo n'kunena kuti pachokopachoko, pang'onopang'ono, mwana wane. Nthawi zoterozo ndinkadziona ngati wakuba amene akudyetsedwa ndi mwini nyumba.

Shuga tinkagula pa golosale ya pakona, ya banja lina la Chisilamu lochokera ku Mangochi. Mayi wa pagolosalepo anali mnzanga wa Chichewa. Ndikatopa ndi kuthyola Chitumbuka tsiku lonse, ndinkaima pawindo pake n'kumacheza za kwathu, za mango ndi kutentha kumene tonse tinkakusowa. Iye anaona kuti shuga akutha msanga kunyumba kwathu, ndipo anafunsa apongozi anga. Iwo anamuuza mwachinsinsi, chinsinsi chake chija chomveka mpaka tsidya lina la msewu.

Lamlungu lina masana mayi uja anafika kwathu atafunda mpango wake wabwino, atanyamula mbale ya zitumbuwa. Anakhala pamphepete pa mpando, anafunsa za umoyo wa aliyense mpaka wa abale anga a ku Zomba amene sanawaonepo, kenako anafika pa nkhani. Mwana wake wamwamuna, amene ali ndi shopu ku Mchengautuwa, anakwatira chaka chathachi, ndipo mpaka pano kuli chete.

"Chaka sichinathe n'komwe, mayi," ndinatero. "Apatseni mpata anawo."

"Anthu ayamba kuyankhula, achemwali. Inu mukudziwa."

Ndinkadziwadi. Ndinamuuza mosabisa kuti zimene ndimaphikazo si mankhwala, ndi shuga ndi masamba okazingira nkhuku. Anamwetulira n'kuyang'ana apongozi anga, iwo n'kugwedeza mutu.

"Odziwa zinthu amayankhula choncho," anatero mayi uja. "Onama ndi amene amaika zikwangwani m'misewu. Ndingofunsa chimodzi, mulibe mowa m'menemo?"

"Mulibe."

"Ndiye ndithandizeni."

Ndinamuthirira botolo. Apongozi anga anamuperekeza mpaka pageti akumuwerengera malamulo, ndipo ndinamva kuti awonjezerapo awiri amene ife sanatipatse.

Zimene zinatsatira mwaziganiza kale. Mtsikana wa zaka makumi awiri, wathanzi, wokhala ndi mwamuna wake nyumba imodzi, akanatenga pakati ngakhale akanamwa madzi a pampopi. Patapita miyezi iwiri mayi wa pagolosale anabweranso, ulendo uno ndi tambala wamkulu m'khwapa ndi thumba la mpunga wa ku Karonga pamutu. Analowa akululutira. Anagwada pabalaza panga, mayi wamkulu kuposa ine, n'kundigwira manja onse awiri.

"Mwatichotsa manyazi, achemwali. Mulungu amene wakupatsani nzeru zimenezi akukumbukireni inunso."

Ndinamwetulira, ndinati zikomo, ndinamuthirira tiyi. Ndinafunsa ngati mtsikanayo akudya bwino. Ndinachita zonse zimene munthu woleredwa bwino amachita. Atangotuluka pageti ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinakhala pa mwala wochapira pafupi ndi mpopi, n'kulira kulira kumene ndinali ndisanalire chichokereni kuchipatala kuja. Sindinkamuchitira nsanje mtsikanayo. Chinandipweteka n'chakuti bodza langa lomwe linabereka, ine ayi.

Apongozi anga anandipeza pomwepo. Sanandifunse chimene ndikulirira. Anali atapha kale tambala uja, ndipo anabwera ndi beseni la madzi otentha, anakhala pa njerwa moyang'anana nane n'kuyamba kusosola nthenga. Ndinaona kuti sindingathenso.

"Amama, si mankhwala," ndinatero. "Ndi shuga, madzi ndi masamba. Sizingapatse munthu mwana. Ndinakuuzani tsiku loyamba lija, koma kenako ndinakusiyani mukhulupirire. Pepani."

Sanadzutse mutu. Anazula nthenga za kuphiko n'kuziponya pambali.

"Nkhumanya," anatero.

"Mukudziwa?"

"Ndinalawa tsiku lomwelo, imwe mutapita kukasamba. Ine mwana wanga woyamba ndinamudikira zaka zinayi. Ndamwa mizu ya ku Hewe, ndamwa makungwa a ku Chitipa, zina zondisanzitsa mpaka kuona mdima. Munkhwala wa mwana sukoma, mwana wane. Zanuzi n'za ana a sukulu."

Ndinasiya kulira chifukwa chodabwa. Ndinaganiza za m'mawa wonse umene ndinamwa madzi ofunda ngati wodwala, za ndimu wanga amene anafotera m'dengu.

"Nanga malamulo onse aja? Mthiko watsopano? Dzanja lamanja?"

"Munkhwala wopanda malamulo angaukhulupirire ndani?" anatero, ngati ndafunsa zopusa. "Imwe simukuwadziwa alamu anga. Mukawauza kuti dikirani, sadikira. Mukawauza kuti Chiuta ndiye amapereka, amati enya, koma tiyeni timuthandize. Chimene amaopa ndi munkhwala basi. Ndinawauza kuti mwamuna amene wamwa uwu akangokhudza mwanakazi wina amatupa mimba mpaka kufa, ndipo mlandu ukhala wa amene anabweretsa mwanakaziyo. Palibe amene akufuna mlandu wa maliro."

Ndiye chifukwa chake ankayang'anitsitsa pakhosi pa mwana wawo. Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake ndinafunsa funso limene linali pamtima.

"Koma n'chifukwa chiyani mwandichitira zimenezi? Ine ndimayesa simundifuna."

"Kukufunani ndi nkhani ina," anatero. "Mumayankha msanga, ndipo ndiwo zanu zimachuluka mafuta. Koma ine chaka chachitatu anandibweretsera mnzanga m'nyumba. Anati adzandithandize. Ndinamuyalira mphasa ndekha, ndinamuphikira madzi osamba, m'mawa ndinamupatsa moni. Azibambo omwewa ndi amene anakamutenga, nthawi imeneyo ali ndi mano onse. Sindinaiwale, ndipo sindifuna kukaonanso zimenezo m'nyumba ya mwana wanga."

Anatembenuza tambala n'kuyamba mbali ina. Ndinaona kuti poti zafika apa, ndingomaliza zonse. Katundu uja anali atandilemera, ndipo kwa nthawi yoyamba panali munthu woti n'kumutulira.

"Amama, pali chinanso. Titapita kuchipatala, dokotala ananena kuti..."

Anakweza dzanja lonyowa, nthenga zitamatirira ku zala.

"Yayi. Icho sungani."

"Koma amama..."

"Ndati sungani. Ine ndikupita kukakhala pamaso pa alamu anga. Nkhope yanga ingabise chinthu chimodzi, ziwiri singathe."

Anayang'ana kuchingwe kumene malaya a amuna anga anayanikidwa, ndipo anayang'anako nthawi yaitali. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kunena kuti utsi wa mbaula ya oyandikana nawo ukuwavutitsa. Kunalibe utsi uliwonse.

"Ndinamubereka ndine," anatero motsitsa mawu. "Tengani mpeni, mundithandize kutumbula."

Sabata yotsatira anati maso awo achira, akubwerera kumudzi. Koma asanapite anali ndi pempho. Ankafuna botolo loti akaonetse.

"Osati zanu zotsekemerazi," anatero. "Alamu anga aakulu adzafuna kulawa. Akamva shuga tagwidwa."

Tinaphika limodzi, ndipo ndi manyuchi okhawo amene ndinaphikapo opanda shuga. Tinathyola rozimeri wodzaza manja awiri n'kumuwiritsa mpaka madzi anada bii. Iwo anakadula tsamba la alovera kwa oyandikana nawo n'kufinyiramo utomoni wake. Khitchini inanunkha moti amuna anga anatulukira panja ndi nyuzipepala yawo. Zitazizira apongozi anaviika chala n'kulawa. Nkhope yonse inakwinyika, anathamangira pakhomo kukalavula, anabwerera misozi ili m'maso.

"Uwu ndiye munkhwala," anatero mokhutira. "Ndikawauza kuti wa kumwera umagwira mochedwa, zaka ndi zaka, ndipo ukaudukiza umabwerera mwini."

Tinawaperekeza kudepoti. Botolo analikulunga m'chitenje n'kulifungatira pamiyendo, osalola kondakitala kuligwira. Minibasi itanyamuka, ine ndi amuna anga tinayenda wapansi kudutsa mumsika. Ndinawafotokozera zonse za pa mpopi paja, za kulawa, za malamulo opeka, za mimba yotupa. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke.

"Chinacho mwawauza?" anafunsa.

"Sanafune kumva."

"Ndiye kuti akudziwa."

Tinayenda mpaka kunyumba, ndipo kwa masabata angapo nkhaniyo sinatchulidwe. Uthenga unabwera kuchokera kumudzi kuti adada aakulu, alamu a apongozi anga aja, analawa botolo lija n'kugona tsiku lonse, ndipo atadzuka analamula kuti ana asasokonezedwe. Tinali titapambana. Ine ndinali wokonzeka kumatumiza botolo lowawa chaka ndi chaka mpaka azibambo onsewo atatha. Koma amuna anga anasintha. Ankadya pang'ono, ankakhala pakhonde kuyang'ana mitengo ya kunkhalango. Tsiku lina anandiuza kuti zikuwachititsa manyazi kuti akazi awiri akunama usana ndi usiku pofuna kutchinga mwamuna mmodzi, mwamunayo ali phee kumwa madzi a shuga. Ndinawauza kuti palibe amene wadandaula. Anati n'chimene chikuwapweteka.

Sukulu zitatsekera anakwera minibasi ya ku Rumphi okha. Anandiletsa kuwaperekeza. Anagonako usiku umodzi, ndipo anabwera mawa lake chakumadzulo, fumbi lili m'tsitsi, maso atalowa. Anakhala pampando osavula nsapato.

"Ndawauza," anatero. "Onse, amama ali pomwepo. Ndati vuto si la mkazi wanga, ndi langa, ndipo ngakhale atandibweretsera akazi khumi m'nyumba mudzakhala chimodzimodzi."

"Ndiye anati chiyani?"

"Adada aakulu anangotsokomola n'kundifunsa ngati feteleza wayamba kupezeka ku Mzuzu."

Msonkhano umene ukanatenga tsiku lathunthu pokamba za mimba yanga unathera pomwepo, ndipo mpaka lero palibe wa kumudzi amene anatchulaponso za mwana pamaso pathu. Mwana sitinakhale naye. Pali masiku amene zimandipwetekabe, makamaka ndikaona kamtsikana ka ku Mchengautuwa kaja kakuthamanga pa golosale ya agogo ake, amene amakaloza n'kumauza makasitomala kuti ndi ntchito ya manja anga. Koma madzulo amenewo, nditayang'ana bambo wofatsa uja atakhala ndi nsapato zafumbi pabalaza, ndinawanyadira kuposa tsiku la ukwati wathu, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

Tili chikhalire, foni yanga inalira. Anali apongozi, akukuwa monga mwa masiku onse.

"Mwamuna wanuyo wandionongera ntchito!" anatero osapereka n'komwe moni. "Ine ndinamwa kapu yathunthu ya zowawa zija pamaso pa anthu kuti akhulupirire. Masiku awiri m'mimba mukupota. Iye n'kungobwera kudzaulula zonse ngati ali mu tchalitchi!"

"Pepani, amama."

Ndinkamva nkhuku ndi mphepo kumbali yawo. Atayambanso kuyankhula mawu anali atatsika.

"Wafika?"

"Afika, amama. Ali pompano."

"Kuno sanadye kanthu chifikireni. Mumupatse chakudya, mwana wane. Musamufunse zambiri."

Ndinaika foni patebulo, ndinawavula nsapato amuna anga, n'kupita kukasonkha moto pa mbaula.